Bilimankhwe wa a Kalaliki

Panali patatha masabata atatu chichokereni akazi awo kupita kwa mng'ono wawo, ndipo a Kalaliki, amene anapuma ntchito kalekale koma dzina la ntchito linawakanirira, anali atayamba kuvala masokosi osiyana mitundu. Chinawachotsa mayiwo ndi mawu amene bambowa anawalavula pa mkangano wa makatani: "M'nyumba muno palibe chimene chingandikanike popanda inu." Tsopano mtima unkawawa, foni inali pompo patebulo, koma mwamuna wa mawu ake angaimbe bwanji popanda chifukwa?

Chifukwacho anachikumba m'mbiri yakale. Ku ofesi kwawo kale, pakompyuta pankatulukira kabilimankhwe kovala tayi, kopereka malangizo kwa wolemba. Kankakonda kuuma gwa pakati pa kalata, ndipo kakauma a Kalaliki ankaitana mtsikana wotayipa amene tebulo lake linkayang'anizana ndi lawo. Mtsikanayo ndiye anadzakhala mayi wa ana awo. Choncho anauza mkamwini wawo, wopanga mapulogalamu a pa intaneti, kuti amudzutse bilimankhweyo. Akangouma, aimbira foni akazi awo kuti adzamukonze, ndipo wofuna thandizo akhala makina, osati iwo. Anangoiwala chimodzi: mkamwiniyo anali munthu woti ukamuuza kuti "dikirani pang'ono" amafunsa kuti mphindi zingati.

"Nayu, Bambo," anatero mkamwini Loweruka m'mawa, akukankhira pambali makapu osatsuka kuti laputopu ipeze malo. "Panopa akukhala pa intaneti. Mutha kumutsegula pafoni, pakompyuta, paliponse."

Anadina batani. Nthawi yomweyo bilimankhwe anatulukira pakona, tayi ili psuu, maso akuzungulira. Pamwamba pake panalembedwa kuti, "Moni! Ndikuthandizeni chiyani?"

"Iyayi," anatero a Kalaliki. "Si iyeyu."

"Ndi yemweyo, Bambo. Ndatengera pa chithunzi munandipatsa chija. Ngakhale madontho a patayi ndawawerenga, alipo khumi ndi anayi."

"Wafulumira. Bilimankhwe munamuonapo akuthamanga, inu? Wathu uja unkayatsa makina, kukatereka madzi a tiyi, kuzungulira ofesi yonse, pobwera n'kupeza watulutsa mchira wokha."

Mkamwini anasolola kabuku ndi cholembera m'thumba la malaya. "Masekondi angati?"

"A chiyani?"

"Kuchedwako."

"Mpaka madzi awire, basi!"

"Ketulo ya malita angati?"

A Kalaliki anayang'ana kudenga. Mwana wawo wamkazi akanatha kukwatiwa ndi dalaivala, ndi mphunzitsi, ngakhale woimba gitala, koma anasankha uyu. "Ikani mphindi zisanu," anatero mofooka.

Zala za mkamwini zinagogoda. Awiriwo anakhala duu kuyang'ana sikirini yopanda kanthu kwa mphindi zisanu zathunthu, mkamwini akuona pawotchi. Kenako kunatulukira mchira, kenako tayi.

"Eya, wayamba kufanana," anavomera a Kalaliki. "Tamufunsani kalembedwe ka kalata yodandaula za madzi."

Bilimankhwe anayankha bwinobwino, kuyambira pa adiresi mpaka posayina.

"Aaa, mwamuwononga! Wanzeru chonchi anali ndani? Wathu uja ukamalemba kalata ya maliro ankafunsa ngati ukufuna kuikamo zithunzi za mabaluni."

"Ndiye mukufuna akhale wopusa?"

"Ndikufuna akhale mmene analili."

"Wopusa kwambiri kapena pang'ono?"

"Ngati anthu ena amene ndikuwadziwa."

"Mayina awo, Bambo, kuti ndiyerekeze?"

"Lembani kuti kwambiri!"

Mkamwini analemba. Nkhope yake inali ngati ya mmisiri amene wauzidwa kuti afupikitse mwendo umodzi wa mpando, koma anagogodabe. Posakhalitsa bilimankhwe anayamba kufunsa za mabaluni. A Kalaliki anakhosomola, n'kuwongola kolala. Anali atafika pamene panagona nkhani.

"Chatsala chimodzi. Aume."

"Aume?"

"Gwa! Akhale pakati pa kalata, osasuntha. Kamuvi ka pasikirini kakane kuyenda, ngakhale ugwedeze mausi mpaka thukuta."

Mkamwini anaika cholembera pansi. "Bambo, ntchito yanga siuma. Ndamuyesa maulendo mazana awiri."

"Ndiye muumitseni."

"Komanso ndafufuza. Anthu ambiri analemba za pulogalamu yakale ija. Amati inkachedwa, inkasowetsa mtendere, koma zoti kamuvi kankakana kuyenda palibe anatchulapo."

"Anthuwo analipo mu ofesi mwathu? Kwa ine ankauma Lolemba lililonse, nthawi zina kawiri pa tsiku."

"Chabwino." Anagogoda mokwiya pang'ono. "Ndi uyo, wauma."

Bilimankhwe analidi gwa, diso limodzi kumwamba, lina pansi. Dzanja la a Kalaliki linayamba kukwawira kufoni. Lisanafike, bilimankhwe anaphethira, n'kulemba kuti, "Pepani, ndadzikonza."

"Wachita chiyani?"

"Wadzikonza, Bambo. Akauma masekondi khumi amadzidzutsa yekha. Kuti musavutike."

"Ndani wakuuzani kuti sindikufuna kuvutika?"

"Mukufuna kuvutika?"

"Asadzikonze!"

"Ndiye ndiika batani lomukonzera. Lalikulu, lobiriwira."

"Batani ayi!"

"Laling'ono?"

"Ngakhale longa njere ya mpiru, ayi! Akauma pazifunika munthu. Munthu wodziwa."

Nkhope ya mkamwini inawala. "Ooh, tsopano ndamva. Muzingondiimbira ine."

"Inu ayi."

"Sindidandaula, Bambo. Ngakhale ndili kuntchito."

"Ndati inu ayi!"

"Mnzanga wa kuntchito ndiye. Ndi waulemu, amafika msanga."

A Kalaliki anaimirira, anazungulira tebulo, n'kukhalanso pampando womwewo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya za mkamwini zinkabwera ndi ulemu wonse, moti unkasowa pomukalipira.

"Tamverani," anatero akuwerenga pa zala. "Munthu wake akhale wamkazi. Wodziwa kutayipa osayang'ana zala. Magalasi ake akhale a kachingwe kolendewera m'khosi. Akamakonza azing'ung'udza nyimbo, ndipo akamaliza azinena kuti, 'Mukanatani ine kulibe?'"

Mkamwini analemba zonse, mzere ndi mzere. "Zaka?"

"Makumi asanu ndi limodzi, kudza ziwiri."

"Titha kulengeza pa intaneti. Koma za nyimbozo zichepetsa ofunsira."

"Kulengeza! Mukufuna mundidzazire anthu achilendo pakhomo?"

"Nanga titani, Bambo? Munthu wotere ndikumudziwa mmodzi yekha, koma tsiku lija munanena kuti asatchulidwe m'nyumba muno mpaka abwere okha."

"Ndinanena, ndipo sindibweza." A Kalaliki anayang'ana makatani amene anayambitsa zonsezi. Anali abwino ndithu, ndipo zimenezo zinkawapweteka kwambiri. "Koma ngati ntchito yafuna munthu, ine ndingaletse ntchito?"

"Ntchito sikufuna munthu. Ndikhoza kukonza ndekha."

"Mayo ine!"

"Mwapweteka, Bambo?"

"Ndapweteka, inde! Muumitseni ndendende mmene ankaumira wakale uja. Ndendende! Mukalephera, musadzanenenso kuti ndinu katswiri."

Apa ndiye anamugunda pachilonda. Mkamwini anatembenuza masamba a kabuku kake. Kenako anatulutsa foni yake.

"Kuti ndimuumitse ndendende, ndiyenera kudziwa chimene chinkamuumitsa. Wodziwa chimenecho ndi amene ankamukonza. Ili ndi funso la ntchito, Bambo, sindikutchula munthu."

"La ntchito," anavomera a Kalaliki msangamsanga, akusalaza tsitsi ndi chikhatho ngati kuti foniyo ili ndi maso.

Mkamwini anaiika patebulo kuti onse amve. Inaitana kawiri.

"Amayi, muli bwanji? Pepani, ndili ndi funso la ntchito. Bilimankhwe wa ku ofesi uja, akauma munkamukonza bwanji?"

Kunamveka kuseka, kuseka kumene nyumba ija inali isanakumve masabata atatu. A Kalaliki anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Akutumani a Kalaliki eti? Ali pompo, ndikumva kupuma kwawo."

"Alipo, Amayi, koma sakutchulani."

"Asanditchule. Lembani, bambo. Bilimankhwe uja sanaumepo ngakhale tsiku limodzi."

"Bodza!" anakuwa a Kalaliki, kuiwala kuti sakuyankhula nawo. "Lolemba lililonse!"

"Eetu, Lolemba lililonse ndinkavula nsapato, kutambasula mwendo pansi pa tebulo, n'kuzula chingwe cha mausi yanu ndi chala cha kuphazi. Mukandiitana ndinkawerama, kubwezeretsa, basi. Munthu anakhala chaka chathunthu moyang'anizana nane osanena ngakhale 'mwaswera bwanji'. Ndikanatani? Mawu oti 'ndithandizeni' ndinkachita kuwazula ndi phazi."

Mkamwini ankalemba mwakhama. "Phazi lamanja kapena lamanzere, Amayi?"

A Kalaliki anali kukamwa yasa. Zaka makumi atatu ndi zisanu akhala akudzitama mumtima kuti anakola mkazi ndi nzeru zawo, pogwiritsa ntchito makina owonongeka. Manyazi anawagwira, koma pansi pa manyaziwo panali chimwemwe.

"Panopa ndili kutali," anapitiriza mayiwo, mawu atatsika. "Phazi langa silifika kumeneko. Ngati pali munthu chamukanika, anene yekha."

A Kalaliki anayang'ana makapu osatsuka aja, masokosi awo, ndi mpando wopanda munthu kutsidya kwa tebulo. Anakokera foni pafupi.

"Mayi a ana," anatero. "Zandikanika. Zonse. Ndithandizeni."

"Mukanatani ine kulibe? Bwerani mudzanditenge, chikwama ndinalongedza kale sabata yatha."

Foni itaduka, a Kalaliki anayamba kusakasaka makiyi a galimoto pansi pa manyuzipepala, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Pasikirini bilimankhwe anazunguza maso, n'kufunsa ngati akufuna mabaluni.

"Bambo," anatero mkamwini, cholembera chili m'mwamba, "pa intaneti palibe chingwe choti munthu azule. Ndiye bilimankhweyu ndimutani?"

"Fufutani chinthu chimenecho," anatero a Kalaliki ali kale pakhomo. "Ine ndinkadana nacho kuyambira kale."