Uthenga Woipa Upite kwa Achemwali

A Mwetulirani, amene dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale chifukwa zaka makumi awiri akhala akukuwa mawu omwewo kuseri kwa kamera, anaitanitsa mlamu wawo m'mawa wa Lachisanu disiki ya mu situdiyo itayamba kulira kete-kete. Mu disikimo munali zithunzi mazana asanu ndi anayi za ukwati wa mzime wa kwa akazi awo, ndipo mayiwo anali atanena kuti afika masana kudzasankha zoika mu alubamu.

Mlamuyo anali mlongo wa mayiwo, munthu wa makompyuta, wofatsa. Anali munthu uja woti ukamutuma kukaona ngati mvula ikugwa, amabwera n'kunena kuti ikugwa, zovala atazisiya pachingwe.

"Mlamu, kachinthu kako kaja kafa."

"Kati, alamu?"

"Kasikiripiti kaja. Kamene unati kazifunsa disiki m'mawa uliwonse mmene yadzukira, n'kunditumizira imelo."

Mlamuyo anakhala pampando, n'kutsegula windo lakuda la zilembo zoyera. Atangogwira kiyibodi tebulo linagwedera, ndipo a Mwetulirani analigwira ndi bondo. Tebulolo linali litayamba khalidwe limeneli masabata angapo apitawo.

"Kali moyo," anatero mlamuyo. "Kadzuka lero seveni koloko, kagwira ntchito yake."

"Kapeza chiyani?"

"Kuti disiki ikufa."

"Nanga bwanji sikananditumizire imelo?"

"Chifukwa disiki ikufa."

"Eya, n'chifukwa chake kanayenera kunditumizira."

"Ayi, alamu. N'chifukwa chake sikanakutumizireni."

A Mwetulirani anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso. Mlamuyo anali yemweyo.

"Tandilankhula ngati munthu."

"Muli pa mzere wachisanu ndi chinayi." Analoza ndi chala. "Ine ndikasintha sikiripiti ndimalemba chifukwa chake pambali, kuti ndisaiwale. Apa ndinalemba kuti: 'Alamu akuti safuna kudzuka ndi uthenga wa maliro. Kazitumiza kwa iwo zonse zikakhala bwino basi.'"

"Ine ndinanena zimenezo?"

"Mwezi wotentha uja. Kanakutumizirani masiku atatu otsatizana kuti disiki yatentha. Munabwera kuntchito kwanga osagogoda."

"Aaa, amenewo anali mawu a munthu wotopa."

"Ndinawalemba mmene munawanenera."

"Ndiye iwe munthu akakuuza kuti sakufuna kumva za moto, umachotsa belu la moto?"

"Belu sindinachotse. Likulira. Kungoti silikulira kwa inu."

Apa munthu wina akanafunsa kuti nanga likulira kwa yani. Koma a Mwetulirani sanali munthu wofunsa mafunso amene mayankho ake angathe kuwawa. Anatulutsa foni, n'kuyamba kufufuza maimelo.

"Ona. 'Disiki ili bwino.' 'Disiki ili bwino.' Tsiku ndi tsiku."

"Womaliza ndi wa liti?"

"Wa... masabata atatu apitawo."

"Munaona kuti kasiya?"

"Ndinaona."

"Munaganiza chiyani?"

"Kuti zinthu zili bwino mpaka palibenso chonena."

Disiki inalira kete-kete, ngati ikuvomera nyimbo.

"Chabwino, zapita zapita," anatero a Mwetulirani, akukwinya malaya. "Ikonze."

"Sikiripiti sikonza disiki, alamu. Imangouza."

"Ndiye iuze disikiyo kuti ichire."

"Imauza anthu."

"Tiimenye pang'ono pambali? Wailesi ya bambo anga inkamva kumenya."

"Mukaimenya ifa lero m'malo mwa mawa."

"Tiiike mufiriji."

"Muli nsomba za anthu a pashopu yoyandikana."

"Iwe, chilichonse ukukana. Taona, mavuto onsewa anayamba kasikiripiti kako katasiya kunena kuti disiki ili bwino. Pamene kankanena, disiki inali bwino. Zoona kapena zonama?"

"Zoona."

"Ndiye kalembe kanenenso."

"Kanene kuti ili bwino?"

"Mmene kankanenera kale."

Mlamuyo sanatsutse. Analemba mzere umodzi, n'kudina. Foni ya a Mwetulirani inalira m'manja mwawo. Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono: "Disiki ili bwino." Mapewa awo anatsika, ndipo kwa kamphindi nkhope yawo inayenera dzina lawo.

"Waona? Nkhani yaing'ono."

Kete-kete. Kete. Kenaka pa sikirini panatuluka kabokosi konena kuti foda ya ukwati singatseguke.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Disiki sinawerenge imeloyo, alamu."

A Mwetulirani anakhala pa mpando wautali umene amakhazikapo ana powajambula. Miyendo inalendewera. Tsopano mantha anawagwira enieni, ndipo pansi pa manthawo panali manyazi. Mkwatibwiyo anamupeza ali kamwana ka zaka zisanu pamene ankakwatira mkulu wake, ndipo ankamunyamula paphewa. Banja litafuna kuitana wojambula wachiwiri, iwo anadziguguda pachifuwa pamaso pa onse, amvekere ukwati wa mwana ameneyu palibe kamera ina ilowe.

"Nanga kadi ya mu kamera?" anafunsa mlamuyo.

"Ndinafufuta. Kunali mwambo wa ana a sukulu ya mkaka."

"Disiki yachiwiri ija ndinakubweretserani kuti muzisungamo makope?"

"Inagwira ntchito ina."

"Yanji?"

"Tebuloli mwendo umodzi ndi waufupi. Inakwana bwinobwino, ngati anachita kuyeza." Anasuzumira pansi pa tebulo mokwiya. "Ndipo wina anaiba. Anthu alibe chisoni masiku ano, kuba mpaka mwendo wa tebulo."

Mlamuyo anayang'ana pagalasi lalikulu limene makasitomala amapesera tsitsi, limene limaonetsa kampata ka katani yopita kuchipinda chodikirira. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. A Mwetulirani anaona zimenezo ndipo anaganiza kuti mlamuyo wayamba kumva chisoni, zomwe zinawalimbitsa mtima.

"Tamvera, mlamu. Ine ndi iwe ndife amuna. Achemwali ako akafika, tinena kuti ndi magetsi."

"Magetsi sanathime."

"Anathima pang'ono."

"Sikiripiti imalemba nthawi iliyonse kompyuta ikazima. Sinazime."

"Ndiye tinena kuti ndi mphenzi."

"Mvula sinagwe."

"Mphenzi youma. Kapena mbewa. Kapena iweyo, tinene kuti unadina polakwika. Iwe ndi mlongo wawo, akukhululukira. Ine ndimagona nawo nyumba imodzi."

"Sindinadine polakwika, alamu."

"Ha, koma pali anthu ena. Chabwino, tiwauza kuti zithunzizo zinali zoipa kale. Ndipo si bodza kwenikweni. Unachiona chipewa cha apongozi tsiku lija? Chithunzi chilichonse cha banja, theka ndi chipewa. Mkwati sakuoneka, akuoneka nthenga. Ndinachita kubwerera m'mbuyo mpaka kugunda mpanda kuti chikwane mu kamera."

"Alamu."

"Ndipo achemwali ako amene, zithunzi makumi atatu, onse atatsinzina kapena akulamula munthu. Disikiyi mwina yafa ndi mantha."

Mlamuyo anayang'ananso pagalasi paja, kenaka anayang'ana kiyibodi.

"Za magetsi sakhulupirira," anatero motsitsa mawu.

"Chifukwa?"

"Akudziwa."

"Akudziwa chiyani?"

"Kuti malo owonongeka mu disiki anali asanu ndi atatu sabata yoyamba, makumi anayi sabata yachiwiri, lero mazana awiri."

A Mwetulirani anatsetsereka pampando paja mpaka mapazi anagunda pansi.

"Wawauza ndani?"

"Mzere wakhumi ndi chimodzi."

"Werenga."

"'Ndafunsa alamu kuti nanga uthenga woipa upite kuti. Akuti: kauze achemwali ako, ndi amene amakonda nkhani zoipa.'"

"Iwe! Kumeneko kunali kukuthamangitsa. Munthu akati kauze achemwali ako, ndiye kuti choka pano."

"Ndinachoka. Kenaka ndinaika adilesi yawo."

"Ndiye kuti masabata atatu onsewa..."

"Seveni koloko iliyonse."

Zinthu zambiri zinayamba kumveka m'mutu mwa a Mwetulirani nthawi imodzi. M'mawa uliwonse akumwa tiyi, foni ya mayiwo inkalira. Mayiwo ankaiyang'ana, n'kuyang'ana amuna awo pamwamba pa kapu, n'kufunsa mokoma kuti, "Kuntchito zonse zili bwino, bambo?" Ndipo iwo ankayankha ndi mkate m'kamwa kuti ku situdiyo kulibe chimene chimayenda iwo osachidziwa.

"Maulendo makumi awiri ndi kamodzi," ananong'ona. "Ndayankha choncho maulendo makumi awiri ndi kamodzi."

"Lamlungu kasikiripiti kamagwiranso ntchito, eya."

"Nanga iwo, mmene analandira uthengawo, anangokhala chete? Zithunzi za mng'ono wawo zikufa, iwo n'kumandithirira shuga?"

"Sanakhale chete. Tsiku lachiwiri anandiimbira."

"Kuti?"

"Kuti imeloyo ikutanthauza chiyani. Ndinawauza. Anati tikumane pano nthawi ya nkhomaliro, inu mutapita kokameta."

"Munadzatani mu situdiyo yanga?"

"Anagwada n'kusolola disiki pansi pa tebulo. Ine ndinakopera."

"Unakopera chiyani?"

"Zonse mazana asanu ndi anayi. Ndi za sukulu ya mkaka za chaka chatha."

A Mwetulirani anayang'ana mwendo waufupi wa tebulo nthawi yaitali.

"Zithunzi zilipo?"

"Zilipo."

"Zonse? Cha mphete? Chija akulira pokumbatira amayi ake?"

"Zili m'chikwama cha achemwali, m'kathumba ka zipi."

Munthu wamkuluyo anagwira kumaso ndi manja onse awiri. Anasangalala kwambiri moti misozi inalengeza, ndipo anaipukuta ndi tayi yomwe ija. Kenaka, monga zimakhalira ndi anthu ouma mutu, mtima utangokhala pansi mkwiyo unadzuka.

"Ndiye iwe wandisiya ndikutuluka thukuta ola lathunthu, ukudziwa kuti zithunzi zilipo? Umenewo si uthenga wabwino? Uthenga wabwino suja umabwera kwa ine?"

"Munati kazitumiza disiki ikakhala bwino. Disiki sili bwino."

"Pakamwa pako ulibe?"

"Achemwali anati ndisanene mpaka mutafunsa nokha."

"Ndipo ndikanapanda kufunsa?"

"Anati mufunsa. Anati madzi akafika m'khosi aliyense amafunsa."

A Mwetulirani anayenda kuchoka pa nyali yaikulu kukafika pa nsalu ya chithunzi cha mathithi, n'kubwerera. Anakonza tayi. Ulemu wawo unali utagwa pansi, ndipo anaganiza zoutola mayiwo asanafike.

"Chabwino. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndamva. Lemba."

Mlamuyo anaika zala pa kiyibodi.

"Fufuta mzere wachisanu ndi chinayi. Fufuta wakhumi ndi chimodzi. Ndi bodza lija talemba lija, lichotse."

"Ndachotsa."

"Kuyambira lero, uthenga woipa uliwonse uzibwera kwa ine. Mwini situdiyo ndine. Disiki ikatentha, kwa ine. Ikatsokomola, kwa ine. Usadikire kuti ndifunse."

"Wa disiki wokha?"

"Uliwonse. Ine si mwana. Ndi iwe yemwe, ukaona choipa uzindiuza pamaso, osamangotsegula pakamwa n'kutseka ngati nsomba."

"Ndilembe choncho?"

"Lemba mmene ndanenera. Ndipo achemwali ako akafika masana, ine ndiwalandira ngati munthu amene ankadziwa zonse. Ndinena kuti ndinkawayesa. Iwe ungokhala chete."

"Ndikhale chete, kapena ndizikuuzani choipa?"

"Iwo akafika, chete. Panopa, kundiuza."

"Lamuloli layamba kugwira ntchito liti?"

"Pompano."

Mlamuyo anasunga sikiripiti, anatseka windo lakuda lija, n'kutembenuza mpando kuti awayang'ane alamu ake pamaso, monga anamuuzira.

"Achemwali ali pa benchi kuseri kwa katani, alamu. Anafika musanayambe za chipewa, ndipo abwera ndi amayi."