Mmene Ambuye anandipezera m'chigafa cha fodya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni kuchokera kuno ku Nambuma. Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ndati ndilembe za matenda amene anandigwira, matenda opanda bala, a maganizo.

Mwana wanga woyamba, Yohane, anapita ku Joni kukafuna ganyu. Miyezi yoyamba ankaimba Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Kenaka foni yake inangoti zii. Tinafunsa anzake amene anapita nawo, aliyense akuti anasamuka, sakudziwa kumene ali.

Apa ndi pamene mutu wanga unayamba kundizunza. Ndikamatunga madzi ndimamuona atagona m'ngalande. Ndikamaphika ndimamuona ali m'ndende akundiitana. Tsiku limodzi ndimatha kumuika m'manda kangapo, mpaka kusankha nyimbo zoimba pamaliro ake. Mtima umagunda ngati ndathamanga, chakudya chimakanika kutsika. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri, anandipatsa mankhwala n'kundiuza kuti ndichepetse kuganiza. Koma kodi maganizo amachepetsedwa ngati mchere?

Chondiwawa kwambiri chinali pemphero. Ndimagwada n'kuyamba bwinobwino, koma ndisanafike pakati ndimapezeka ndili ku Joni, ndikufunafuna mtembo. Ndinayamba kukhulupirira kuti Mulungu wanditaya. Ana anga ang'ono awiri anasiya kundiuza za kusukulu, chifukwa ndimangowayang'ana osamva kanthu. Amuna anga analankhula mpaka anatopa.

Inafika nthawi yosankha fodya. Odziwa fodya mukudziwa kuti tsamba louma limafuna dzanja lofatsa, ukalifinya limangofumbutuka. M'mawa wina tili m'chigafa, ndinadzidzimuka nditagwidwa pamkono. Anali mayi Nakhumwa, akazi a tenanti wa pa esiteti yoyandikana nafe, amene anabwera kudzatithandiza. Pamiyendo panga panali zinyenyeswa zokhazokha. Ndinali nditafinya masamba abwino ambirimbiri osadziwa, thukuta la chaka chonse.

Ndinalira ngati mwana. Iwo sanandidzudzule. Anatenga tsamba limodzi n'kuliika m'manja mwanga.

"Amake Yohane, tsamba ili ndi lofiira kapena lotuwa?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ndiye liyang'aneni. Ku Joni simungafikeko lero, eti? Muli muno. Kokani mpweya pang'onopang'ono, mulinunkhize, mundiuze."

Anandiuza kuti anaika m'manda ana awo awiri kwawo ku Phalombe, ndipo nawonso mutu unatsala pang'ono kuzungulira. Chimene chinawathandiza n'kubweza mtima pa chimene chili m'manja. Maganizo akabwera osalimbana nawo, kungoti ndakuona, n'kubwerera ku ntchito. Tsiku limenelo tinasankha limodzi, tsamba ndi tsamba. Ndikakoka mpweya ndimati "Ambuye", ndikatulutsa ndimati "ndili pano". Maganizo anandithawitsa kambirimbiri, koma ndimabwerera.

Sindikunamizani kuti zinatha tsiku lomwelo. Panali masiku amene ndimalephera, ndimangokhala pakhonde misozi ikutsika. Koma pang'onopang'ono ndinayamba kumva kuzizira kwa madzi ndikamatsuka mbale, kumva mawu a mwana wanga wamkazi akamandiwerengera za kusukulu. Lamulungu lina ndinapemphera kuyambira poyamba mpaka ameni, mtima uli pamalo amodzi. Ndinazindikira kuti Mulungu sanachoke, ndine amene ndimasowa pakhomo.

Abale anga, Yohane sanaimbebe mpaka lero. Sindikudziwa ngati ali moyo. Mtima umawawabe, koma ndinasiya kukumba manda a munthu amene sindinamve kuti wafa. M'mawa uliwonse ndimamupereka m'manja mwa amene akumuona kumene aliko.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mlendo wosauka kuposa ine kuti andidzutse. Inu amene maganizo akukudyani, musachite manyazi, uzani munthu, pitaninso kuchipatala. Gwirani chimene chili pamaso panu lero, zamawa musiyire Mwini wake. Ndipo mukamapemphera, mutchuleko dzina la mwana wanga.