Keke ya pa 6 Julaye

Pa siteji ya minibasi pa Namitete, m'mawa wa pa 6 Julaye, bambo wina wachikulire anakhala benchi limodzi ndi mwamuna wachinyamata amene anafukata bokosi la keke ndi nkhata ya maluwa apulasitiki.

"Achimwene, keke imeneyo ndi yokondwerera ufulu kodi?"

"Ayi bambo, ndi ya mwana wanga Yunisi. Wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri lero."

"Eee! Ndiye ndi mnzangatu ameneyo. Inenso ndinabadwa pa 6 Julaye, 1964, tsiku lenileni limene dziko linalandira ufulu. Mayi anga ankati mudzi wonse unathamangira ku magule, ine n'kumalira ndekha."

"Ndiye dziko lonse limakuvinirani, eti?"

"Limavina ndithu, koma kundiitanako ayi. Nanga nkhatayo mwagulira ndani?"

"Mayi ake a Yunisi. Anatisiya tsiku lomwelo atangochira. Mwana analira m'mawa, ife tinalira madzulo."

"Pepani kwambiri, achimwene."

"Zinachitika basi. Chovuta n'chakuti apongozi anga safuna keke pa tsikuli. Amati tsiku la maliro saimbira nyimbo zachisangalalo. Zaka zonsezi mwana amangoonerera anzake. Dzulo wandifunsa kuti, 'Ababa, kodi ndinalakwa kubadwa?'"

"Ndiye mutani?"

"Zonse zichitika lero lomwe, akwiye asakwiye."

"Muyambira kumanda, eti?"

"Ayi, tiyambira keke. Mayi ake sakupita kulikonse, atidikira. Mwanayu ndiye wadikira mokwanira."