Mbuziyi Wazinga Ndani?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ndikufuna ndikuuzeni za nyengo imene ndinkaphika chakudya chokoma koma wochidya osaoneka, ndi momwe Mulungu ananditsegulira makutu ndisanatseke chitseko.

Zinali zaka zija anzathu a ku Mozambique ankathawa nkhondo n'kudzaza misasa ya m'malire. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinali khukhi pa hotela ina ku Nkopola. Alendo atachepa anatichotsa ntchito angapo, ndipo potsanzikana anandipatsa masefuliya akale a m'khitchini. Ndinawalandira ngati mdalitso. Ndinapeza kachipinda pafupi ndi depoti ya mabasi pa boma la Mangochi, n'kutsegula lesitilanti. Mbuzi ndinkagula ndekha, kupha ndekha kuseri kwa nyumba, kuphika monga ndinkaphikira azungu.

Ogula nsomba, madalaivala ndi anthu opita kuchipatala ankadutsa pakhomo panga, kundipatsa moni mwaulemu, n'kukadya kwina. Dzuwa likapendeka nyama inali ikadali m'sefuliya, ndipo kutentha kwa Mangochi mukukudziwa, siinkafika mawa. Mayi a kunyumba anayamba kunena zobwerera ku Ntcheu, kutanthauza kuti mwana wathu wamkazi, yemwe anali atangosankhidwa kupita kusekondale, akanasiyira panjira sukulu. Ena kumpingo anati alipo wandichita chipongwe. Ndinasala kudya, ndinagwada mpaka maondo kuwawa, pemphero langa lili limodzi: Ambuye, nditumizireni anthu.

Ambuye anatumiza munthu mmodzi, ndipo sanabwere kudzadya. Anali Mayi Rozaliya, othawa nkhondo, omwe ankakhala kwa abale awo kutsidya kwa Shire n'kumandigulitsa nkhuni. Tsiku lina atatula mtolo anasuzumira m'sefuliya.

"Bambo, nkhuni zanga zikutha koma nyama yanu siikutha. Anthuwo mwawafunsa?"

Ndinati ndiwafunse chiyani, pakuti kuphika ndikukudziwa.

"Kumsasa kuja ankatipatsa nyemba zouma gwaa, zofuna nkhuni za tsiku lonse, ife n'kumazisinthanitsa ndi mchere. Kenako anabwera anthu kudzayenda khomo ndi khomo kutifunsa zimene timaphika. Ngati opereka zaulere amafunsa, nanga inu ogulitsa?"

Mawuwa anandikumbutsa fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja, amene amayamba wakhala pansi n'kulingalira. Ine ndinamanga ndisanakhale pansi.

M'mawa mwake sindinakoleze moto. Ndinapita padepoti n'kumafunsa aliyense chifukwa chimene sadyera kwa ine. Onse ankamwetulira n'kunena kuti abwera mawa. Ndinazindikira kuti munthu waulemu sangakunyozere chakudya pamaso pako. Choncho ndinasintha funso. Ndinasiya kutchula lesitilanti yanga, n'kumangofunsa kuti dzulo munadyera kuti, munadya chiyani, nanga n'chifukwa chiyani mumakonda kumeneko. Ndinafunsa kumsika, pamlatho, ngakhale kudooko kumene amatsitsa usipa. Apo milomo inamasuka. Ambiri ankafuna tiyi ndi chinangwa m'mamawa basi isananyamuke, nthawi imene ine ndinali ndisanatsegule. Othawa nkhondo obwera kudzachita maganyu ankafuna kambale kakang'ono. Koma yankho limodzi linkabwerezedwa kulikonse: timadya kwa uje chifukwa nyama yake timaidziwa.

Amene anandimasulira anali Che Saidi, bambo wachikulire wogulitsa chambo chowamba. Anandikokera pamthunzi.

"Achimwene, mwafunsa nokha, ndiye musakwiye. Mbuzi zanu amazinga ndani? Nanga masefuliya aja, si omwe ankaphikira nkhumba kuhotela? Tauni yonse ikudziwa. Fungo lake lokomalo limatipweteka mtima tikamadutsa, koma kulowa sitingalowe."

Zaka zonse zija ndinakhala pakati pa Asilamu, koma ndinkakhala kuseri kwa mpanda wa hotela, kumene nyama inkabwera pagalimoto ndipo palibe ankafunsa za mpeni. Panalibe wondichita chipongwe. Anthu ankangosunga chikhulupiriro chawo, monga ine ndimasungira changa.

Komabe mtima unalimbana nane. Kodi Mkhristu aitane shehe kudzamuzingira mbuzi? Ndinapemphera, ndinakambirana ndi akulu a mpingo, ndipo tinakumbutsana chiphunzitso chakuti chakudya changa chisakhale chokhumudwitsa mnzanga. Mtendere unadza. Masefuliya aja ndinawapereka kwa amayi a kumpingo kuti aziphikira pamisonkhano, n'kugula ena atsopano pamsika anthu akuona. Mbuzi inayamba kupita kwa shehe. Ndinayambanso kutsegula kukangocha, tiyi ndi chinangwa zili pamoto, mbale zazing'ono zili pambali.

Sizinasinthe tsiku limodzi ayi. Anayamba ndi a tiyi, kenako madalaivala. Tsiku lina Lachisanu, potuluka kumzikiti, Che Saidi analowa ndi anzawo, n'kuima pafupi ndi benchi.

"Mbuziyi wazinga ndani?" anafunsa mokweza, akuseka.

Ndisanayankhe, shehe mwiniwake, yemwe anali pakona akumwa tiyi, anati, "Khalani pansi mudye, inu. Mpeni unali wanga."

Mwana wathu anamaliza sukulu yake. Mayi Rozaliya anabwerera kwawo nkhondo itatha, ndipo sindinawaonenso, koma sindileka kuwatchula m'pemphero.

Ndikuyamika Mulungu amene sanandipatse zimene ndinkapempha m'njira imene ndinkafuna. Ndinkati nditumizireni anthu, Iye anati pita kwa anthuwo. Iwe m'bale amene malonda ako akuuma, usataye mtima ndipo usaleke kupemphera. Koma ukadzuka pamaondo, tuluka ukafunse, ndipo ukapirire kumva yankho. Langa linkadutsa pakhomo panga tsiku ndi tsiku, likundipatsa moni. Ambuye akusungeni. Amen.