Tcheni Ili M'mandimu

Ndinali pakhonde ndikufinyira mandimu m'beseni momwe ndinaviika tcheni ya njinga, pamene mlongo wanga wamng'ono, Elia, anatulukira thukuta lili kamukamu. Njingayo ndi ya alongo anga aakulu, a Benjamini. Amuna anga a Obed anaibwereka ya sabata imodzi chaka cha riferendamu, n'kuisiya m'chigafa cha fodya mvula ziwiri mpaka inafiira ndi dzimbiri, koma akakumana ndi eni ake amati ili m'nyumba, amaithira oyilo Loweruka lililonse. Ine ndinali nditatopa kusenza chimanga pamutu kupita kuchigayo, ndiye ndinaimasula ndekha.

"Ndabwera ndi mauthenga awiri," anatero Elia asanakhale n'komwe. "Woyamba: akwawo kwa Lester, mphunzitsi wa ku Chisepo uja, akubwera mawa m'mawa kudzafunsira Rakele."

Rakele ndi mwana wathu woyamba. Ndinaleka kufinya, nditafika pa ndimu la naini. A Obed anadzuka pamphasa.

"Mawa? Nanga a Benjamini? Mwini mbumba palibe, alendowo adzalankhula ndi ndani? Ine ndine mkamwini pano, pa ukwati wa mwana wanga ndilibe pakamwa. Akapeza malume ake aakulu kulibe abwerera, ndipo anthu a ku Chisepo akabwerera sabweranso msanga. Ndikawatenge kwawo ku Malomo lero lomwe."

"Wachiwiri..."

"Wachiwiriwo sungani, alamu. Mudzandiuze ndikakufunsani."

Elia anatseka pakamwa. Mlongo wangayu ndi wotero. Ukamuuza kuti dikira pano, chaka chamawa udzampeza pomwepo atamera mizu.

"Amake Rakele, ndipatseni tcheniyo ndiibwezere."

"Siituluka," anatero Elia, n'kukhala pansi pambali pa beseni.

"Aaa, wanena ndani?"

"A Hassani, a sitolo ya zitsulo ku Malomo. Achemwali anandituma ndine kukafunsa. Ndinalemba." Anatulutsa kapepala m'thumba la malaya. "Mandimu khumi ndi awiri. Mchere dzanja limodzi. Zitsulo zigone m'menemo mpaka mawa lake. Kenako kukwecha, kutsuka, kuyanika, oyilo."

"A Hassaniwo ali ndi mwana wamkazi amene akufunsiridwa mawa?"

"Ayi. Ali ndi aamuna okhaokha atatu. Wamkulu ali ku Lilongwe."

"Sindinafunse za ku Lilongwe."

"Mwafunsa za ana awo."

A Obed anapumira m'mwamba, n'kupinda mikono ya malaya. "Chabwino. Tiwonjezere mandimu ena khumi ndi awiri, nthawi iduke pakati. Pofika masana ndanyamuka."

Elia anayang'ana kapepala kutsogolo, n'kukatembenuza. "Za makumi awiri ndi anayi sananene."

"Ndikunena ndine."

"Inu mumagulitsa zitsulo?"

"Alamu, dzimbiri silinaphepo munthu. Ndi dzimbiri lomweli lakhala likuigwira njingayi zaka ziwiri zonsezi."

"Eya, laigwira ndithu. Dzulo achemwali anayesa kupalasa, sinasunthe."

Anapisa dzanja m'beseni a Obed, Elia n'kugwira nsonga ina. Tcheni inatuluka theka, madzi ofiira akudonthera pa chitenje changa, n'kubwereranso m'beseni. Ine ndinangosendera uko. Anthu aakulu awiri, wina mkulu wa mpingo, wina mlembi wa kalabu ya feteleza, akulimbirana chitsulo ngati agalu pa fupa.

"Isiyeni," anatero a Obed akupukuta dzanja pa buluku. "Ndipita yopanda tcheni. Kuchoka pano mpaka ku Malomo n'kotsetsereka kokhakokha. Tcheni ya chiyani?"

"Zitsulo za mabuleki zilinso m'beseni."

"Ndiziima ndi mapazi."

"Nsapato zanu zolimba zija zinadyedwa ndi chiswe m'chigafa momwemo. Zatsala za ku tchalitchi, ndipo mawa kuli alendo."

"Ndiye sindiima. Ndiziliza belu, anthu azipatuka okha."

Elia anapisa dzanja m'madzimo mosafulumira, anatulutsa belu, anawaonetsa, n'kulibwezera.

"Amake Rakele, mwasiya chiyani pa njingayi?"

"Matayala ndi chishalo," ndinatero.

"Nanga pobwerera?" anafunsa Elia. "Kotsetsereka popita, pobwera n'kokwera."

"Za pobwerera tikaonera komweko."

"Kukaonera chiyani? Phiri likhala lomweli."

A Obed anayang'ana njira yotsetserekayo. Kenako nkhope inawala, monga imachitira akaganiza chinthu chimene chitidyere nthawi tonse.

"Alamu, nthawi yoti munthu mmodzi anene dziko lonse n'kungovomera inatha. Ano ndi matipate. A Hassani sangatilamulire ali ku Malomo. Tivote."

Elia anaimirira, n'kumanga batani la pakhosi. Pa chisankho cha dziko chaka chatha anali woyang'anira pamalo ovotera kusukulu, ndipo mpaka lero sanaiwale. "Kuvota n'kwachinsinsi. Bokosi lili kuti?"

"Tikweza manja."

"Olembetsa ndi angati?"

"Atatu. Ine, inu, ndi amake Rakele."

"A Hassani?"

"Si a dera lino."

Elia anaganiza, n'kugwedeza mutu kuvomera.

"Ofuna kuti tcheni ituluke," anatero a Obed, dzanja lili kale m'mwamba.

"Mmodzi," anawerenga Elia. "Ofuna kuti igone." Anakweza lake. "Mmodzi. Achemwali simunavote."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine dzuwa linali litandifika pamsana, mbuzi zisanamasulidwe, nyumba yoti kufike alendo isanaziridwe. Ndinaona kuti akachoka mmodzi pakhomo pano, mwina ndigwira ntchito.

"Ituluke," ndinatero. "Ndi eni ake omwe atuluke nayo."

"Awiri kwa mmodzi," analengeza Elia. Anapinda kapepala ka a Hassani bwinobwino n'kukabwezera m'thumba. Kenako anavuula tcheni, mabuleki ndi belu, n'kuzipereka ndi manja awiri. "Ndavomereza zotsatira."

A Obed analandira akumwetulira. Tcheniyo inali yofiirabe ngati dothi la pachulu, youma gwaa, ikununkha mandimu. Anaikoleka paphewa ngati apambana nayo mpikisano.

"Mwaona, alamu? Anthu akalankhula, alankhula. Tsopano nenani uthenga wanu wachiwiri uja, ndizipita."

"Wachiwiri ndi wochokera kwa achimwene a Benjamini. Akuti musavutike kukawatenga, nkhaniyi anaimva dzulo. Tabwera limodzi wapansi."

"Mwabwera limodzi? Ali kuti?"

"Pamlatho, kumunsiku. Mapazi atupa, akhala pamwala. Akuti muwapititsire njinga yawo msanga, mudzawakankhe pokwera."

Belu linagwa m'manja mwa a Obed. Silinalire n'komwe.

"Nthawi yonseyi ali pamwala?"

"Eya. Padzuwa."

"Osanena bwanji?"

"Munati ndisunge."

"Njinga yawo... anati chiyani za njinga yawo?"

"Anati aisowa. Njira yonse amandiuza kuti alamu awo ndi munthu wosamala, Loweruka lililonse oyilo. Akuti mawa aiimike pabwalo, alendo a ku Chisepo aone mtundu wa banja limene akulowamo."

A Obed anayang'ana kuchigafa, kumene njinga inagona chagada, yofiira ngati nkhuku yootcha. Anachotsa tcheni paphewa pang'onopang'ono, n'kuyamba kuitsitsira m'beseni. Elia anatchinga ndi dzanja.

"Tavota kale."

"Tivotenso."

"Chisankho china pakatha zaka zisanu."

"Alamu, panali chinyengo. Amake Rakele anavota atakwiya."

"Madandaulo amalembedwa pa pepala."

"Amake Rakele, wilibala ili kuti? Ndikawatengere pa wilibala."

"Bawuti ya tayala lake ili pansi pa beseni," ndinatero. "Nayonso munaisiya pamvula."

Anaima pakati pa bwalo, tcheni ikudontha m'manja, akuyang'ana njira ya kumlatho. Kenako anamukankha dzanja Elia, n'kuiponya tcheniyo m'madzi, mabuleki pamwamba, belu pomaliza. Anavula malaya, n'kutenga chitenje changa chobereka ana chimene chinali pa chingwe.

"Mukupita kuti ndi chitenje?" anafunsa Elia.

"Kukabereka achimwene anu. Ndikalowa nawo cha kuseri, ndipo kuchigafa asayandikeko. Inu khalani pomwepo, aliyense asakhudze besenilo." Anafika pampanda n'kutembenuka. "A Hassani anati mpaka mawa. Munthu wogulitsa zitsulo sutsutsana naye."

Elia anatulutsanso kapepala kake, n'kukhala pansi.

"Achemwali, alowa naini. Atsala atatu."

Ndinatola mpeni, n'kudula ndimu lachikhumi.