A Timpheta, Wosoka Mipando ya Mabasi

Abale, akuluakulu a mpingo, anansi ndi nonse mwabwera kudzalira nafe, amene tikuwaperekeza lerowa ndi achimwene anga, omwe ambiri mumawadziwa ndi dzina loti a Timpheta. Ine ndine mng'ono wawo, mzime kwathu. Malemu anabadwa m'chaka cha 1951, m'kanyumba ka kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu ankagwira ntchito yokonza njanji.

Sukulu ya pulayimale anaimaliza bwino, koma ya sekondale anailekera panjira bambo athu atavulala pantchito. Anakaphunzira kusoka mipando ya galimoto, ndipo ndi singano imeneyo anatiphunzitsa sukulu ife ang'ono awo. Ntchitoyi anaigwira mpaka maso atayamba kuchita chidima. Madalaivala muli panowa mukudziwa kuti basi inkatha kutheratu, koma mpando wosoka iwo uli gwa.

Mu 1977 anamanga banja ndi alamu athu, amene anali mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Za mbalame zinayamba mwangozi. Mnansi wina posamuka anawasungitsa kakhola ka waya muli timpheta tiwiri, ati adzatenga akakhazikika. Sanabwerenso. Malemu anasokera timbalameto kachisa ndi zidutswa za nsalu za kuntchito, ndipo posakhalitsa tinaikira mazira. Zaka zikupita, khonde lonse lakuseri linadzaza makhola. Alamu athu, posesa makoko a mawere m'mawa uliwonse, ankakonda kunena kuti, "Ine ndili pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi wanthenga." Komatu ndi iwo omwe ankasunga zigoba za mazira, kuziwamba ndi kuzisinja kuti mbalame zoikira zizidya.

Mbalame zikachuluka sankagulitsa. Ankazipereka kwa odwala, okalamba ndi ofedwa, khola lomwe, ndipo nthawi zonse ziwiriziwiri. Wopempha imodzi ankamukaniza. "Kakakhala kokha kamasiya kuimba, kenako kudya," ankatero. "Tengani tiwiri, apo ayi musatenge."

Kumpingo anali m'gulu loyendera odwala, komanso wolandira alendo pakhomo. Abusa andikhululukire, koma tonse tikudziwa kuti nthawi zambiri alendo ndiwo ankawalandira iwo, chifukwa sankachoka panyumba asanasinthe madzi m'makhola onse.

Alamu athu anatisiya mu 2019. Achimwene anafooka kwambiri, mawondo nawo anali atayamba kukana, choncho anagawa mbalame zonse kupatula kampheta kamodzi. Kameneka makolo ake anakataya kunja kwa chisa kasanamere nthenga. Malemu anakatola, nakalera pokadyetsa phala ndi kamtengo ka machesi. Kanakula kopindika mwendo, ndipo akakaika ndi tinzake tinkakajompha mpaka kutuluka magazi. Tsiku lina ndinawaseka kuti aphwanya lamulo lawo lomwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, sikali kokha ayi. Kali ndi ine."

Khola lake analipachika pawindo la chipinda chochezera, posafika mphepo. M'mawa ankavundukula nsalu, kukaikira kambale kosambira, kenako n'kukhala pansi ndi tiyi wawo, iwo kuimba mluzu, iko kuyankha. Ana awo akuti m'miyezi yoyamba ya umasiye panali masiku amene bambo awo sankafuna kudzuka kapena kuyankha foni. Koma kambalame kakayamba kulira njala ankadzuka, ndipo poti adzuka kale, nawonso ankadya. Ife abale tinali kutali ndi ntchito zathu. Tikunena poyera kuti kanatisungira achimwene athu zaka zonsezi.

Chaka chatha anayamba kudwala mtima, miyendo n'kumatupa. Adokotala atanena kuti agonekedwe, anakanitsitsa, ati palibe wodziwa kusamala mnzawo wanthenga uja. Apa tikuthokoza mayi ogulitsa masamba amene amakhala moyandikana nawo. Mayiwa anabwera, naphunzira zonse, kuyambira muyeso wa mawere mpaka katsukidwe ka khola, ndipo m'pamene malemu anavomera kukwera galimoto. M'mawa uliwonse mayiwa ankajambula kulira kwa kambalameko pafoni n'kutumiza kuchipatala. Tikuthokozanso anamwino amene sanaletse phokosolo, ndi odwala anzawo amene anafika pomafunsa kuti, "Agogo, lero mnzathu sanaimbe?"

Anatisiya Lachiwiri m'mawa, mmodzi mwa ana awo aakazi atawagwira dzanja. Kambalame kaja katsala kwa mayi aja, monga mwa kufuna kwa malemu.

Chiyambire maliro ano, ambiri mwakhala mukutifunsa ngati mubweze makhola amene munalandira. Banja likuti musabweze. Anakupatsani ndi mtima wonse. Zikaswana, nanunso mukapatseko wina amene m'nyumba mwake mwachita zii.

Malemu asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, zidzukulu zisanu ndi zinayi, chidzukulutudzi chimodzi, alongo awo awiri, ndi ine mng'ono wawo, amene ndinavala yunifomu yosokedwa ndi manja awo. Tikuthokoza Mulungu potibwereka munthu ameneyu.

Achimwene athu agwira ntchito yawo. Tsopano apumule mu mtendere.