Dzina la Chikumbu cha a Saul Kabamba

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1956 ku Kabwata, ali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi, ndipo anabatizidwa dzina lakuti Saul Kabamba. Ine wowerenga ndine Abednego, mlongo wawo wa amayi a Tryness, amene asiyidwa umasiye lero. Banja landiuza kuti ndisabise kanthu, choncho mukamva ngati ndikukondera, mundikhululukire, magazi ndi magazi.

Sukulu ya pulayimale anayamba mu 1963 konko ku Kabwata, ndipo mu 1979 anamaliza maphunziro a tizilombo pa yunivesite kuno ku Lusaka. Chaka chomwecho analembedwa ntchito ku ofesi yofufuza za nkhalango.

Pa 8 Ogasiti 1981 anakwatira a Tryness, nakhazikika ku Chelstone. Mlongo wangayo sanachedwe kuzindikira kuti walowa m'mitala. Akazi anzake anali zikumbu za nyanga zazitali, zija mphutsi zake zimaboola mitengo, zomwe ophunzira amaziika m'banja la Cerambycidae. Malemu ankaiwala tsiku la ukwati wawo, koma ukawafunsa za chikumbu, ankakuwerengera mfundo za nyanga yake imodziimodzi mpaka tiyi kuzizira. A m'dera lathu ankangowatcha ba Zikumbu.

Mu 1989 anapita ku nkhalango za ku Mwinilunga ndi anzawo a ntchito, pakati pawo mayi Muriel Chisanga. Mayiwa ndiwo anagwira chikumbu chomwe sichinali m'buku lililonse: chotalika ngati chala cha mkombaphala, chakuda bii, mapiko ake olimba ali ndi madontho anayi achikasu, minga iwiri pachifuwa, nyanga zake zotalika kuwirikiza thupi. Malemu anachiyeza, anachifotokoza, nachiika pa mtundu wake. Potsata mwambo wa ntchito yawo wolemekeza wogwira, anachipatsa dzina la Chilatini lochokera ku dzina la a Muriel. Lamulo lawo limati dzina likangosindikizidwa silifufutika.

Panalibe chibwenzi, zimenezo tonse tikudziwa. Koma a Tryness zinawawawa, ndipo nanenso zinandiwawa. Wochapa malaya odetsedwa ku nkhalango anali iwo, wogulitsa zitenje ku City Market kuti ana aphunzire anali iwo, koma dzina lopita kunja kwa dziko linali la mkazi wina. Nsanje imeneyi anaisunga osaitaya, ngakhale malemu atapuma pa ntchito mu 2011. Mayi Muriel akabwera kudzacheza, ankalandiridwa ndi ulemu wonse, koma tiyi wawo ankakhala wopanda shuga.

Mu Novembala 2023 malemu anayamba kudwala impso. Masiku omwewo a Tryness anagula mtondo watsopano ku msika, ndipo ankamva kukukuta mkati mwa mtengo wake. Mu Febuluwale 2024 munatuluka chikumbu chonenepa, chofiirira, cha nyanga zosapyola thupi, chopanda dontho ndi limodzi lomwe. Iwo amene ankanyansidwa ndi tizilombo anachigwira ndi manja awoawo, napita nacho kwa odwala. Malemu atachiona anadzuka tsonga, nalonjeza pamaso pa ana kuti chikakhala chatsopano chidzatchedwa Tryness. Mlongo wanga anauza amayi onse a chigwirizano cha ku tchalitchi, mpaka anasoketsa diresi.

Malemu anachiyang'ana pa galasi lokuzira zinthu kwa sabata zingapo. Anafanizira minga ya pachifuwa, mitsempha ya mapiko ndi zikhadabo, kenaka analira ndi chimwemwe. Chikumbucho sichinali mtundu watsopano. Chinali chachikazi cha chija cha mu 1989, chomwe anachisaka zaka zonsezi osachipeza, popeza zonse zomwe ankagwira zinali zazimuna. Zikatero, dzina loyamba ndilo limagwira ntchito. Chikumbu chotuluka mu mtondo wa a Tryness, chogwidwa ndi dzanja lawo, nachonso chinali cha a Muriel.

Akanatha kuwanamiza, ndani akanadziwa? Koma alamu anga sankadziwa bodza, ngakhale lija lotonthoza munthu. Anawauza zoona, nawapempha kuti iwo akadzapita, chikumbucho chikaikidwe m'kabati ya ku ofesi, pambali pa chachimuna chake. A Tryness anapitiriza kuwasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka pa 2 Meyi 2024, pamene malemu anatisiya ali m'chipatala, mutu uli pa mkono wa akazi awo.

Malemu asiya mkazi, a Tryness, ana atatu, a Yande, a Jordan ndi a Chipego, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza abusa ndi mpingo, anamwino, amayi amene aphika masiku onsewa, ndi anansi a ku Chelstone. Tikuthokozanso mayi Muriel chifukwa cha thumba la ufa limene abweretsa. Dzulo tinalidya.

Kwa a ku ofesi, amene mwakhala mukufunsa za chikumbu chachikazi chija kuyambira Lachisanu, a Tryness andituma kuti ndikuuzeni kuti musavutikenso. M'mawa uno, bokosi lisanatsekedwe, achiika okha m'thumba la jekete la amuna awo, chopanda kapepala ka dzina. Ati zonse za amuna awo anagawana ndi anthu, koma ichi chokha n'cha awiriwo.

Alamu anga a Saul, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.